Chijeremani cha Apongozi

Lolemba, 9 Juni

Wezi, 06:41
amama mwauka uli? homework ya loweruka sindinaione. anzanu onse a mu class atumiza kale

Malita, 07:15
Tadzuka aphunzitsi, kaya inu. Pepani, dzulo kunazizira moti zala zinakana foni. Nayi

Malita, 07:17
[uthenga wa mawu 0:21]

Wezi, 07:30
kkkk mwayesa chomene. guten morgen yatuluka bwino. koma pa ich mukutsokomola amama. mpweya uzituluka pang'onopang'ono ngati mphaka akamaopseza galu

Malita, 07:52
Ndakhala ndikuyeserera pa mashini pano. Mayi wina wobwera kudzatenga siketi yake wandifunsa ngati ndatsamwa ndi munga wa nsomba. Wandipatsa madzi

Wezi, 07:54
😂 musasiye. ndifunse kanthu? ana onse aja pa class yathu ya ku Kaning'ina akufuna ntchito ku Germany monga ine. inu sabata yachitatu ino simunanenepo. nanunso mukufuna kupita?

Malita, 09:10
Ayi mwana wanga. Ndi mawondo awa ndikatani kumeneko

Malita, 09:14
Kuli mdzukulu wanga, Lusungu. Ali ndi zaka 6. Mayi ake ndi mwana wanga Mwaiwathu, anali nesi kumeneko ndipo anakwatiwa komweko. Anatisiya mu Novembala. Anaikidwa komweko, ine sindinaponyeko dothi

Wezi, 09:15
phepani chomene amama. sindimadziwa

Malita, 09:31
Lamulungu lililonse 2 koloko Mwai ankaimba pa vidiyo. Mwana akayankhula, iye ankandimasulira. Ine ndikayankhula, ankamasulira mwana. Tsopano womasulira uja palibe. Ndiye ndinati ndiphunzire ndekha, tsiku limene mwana adzaimbe adzandipeze ndili ndi chomuyankha

Wezi, 09:33
tidzafika, pachoko pachoko. lero sungani ichi chokha: ich bin deine Oma. ndiye kuti ine ndine agogo ako

Malita, 09:40
Oma. Limeneli ndi lofewa, lilibe minga

Lachitatu, 18 Juni

Malita, 12:05
Aphunzitsi, manambala ndafika pa 20. Ndimawerenga mabatani ndikamasokerera. Tsopano ndikufuna a kutsogolo, 50, 60, mpaka 120

Wezi, 12:19
mwathamanga bwnj amama, amenewo ndi a chapter 4

Malita, 12:31
Mwai anandiuza kuti mwana ayamba sukulu chaka chino mu Seputembala. Ndagula nsalu ya buluu mumsika, ndimusokere yunifolomu. Ya mayi ake yoyamba ndinasoka ndine. Mwanayo akamadzandiuza muyeso ndizidzamva ndekha

Wezi, 12:34
eish. amama kumeneko ana savala uniform. ndinakhalako chaka ndikulera ana a eni, amangopita ndi zovala za kunyumba

Malita, 12:36
Ngakhale Sitandade 1?

Wezi, 12:36
ngakhale form 4

Malita, 13:40
Ndadula kale kolala

Wezi, 13:44
ikhale dress basi, izikhala ndi kolala yake. koma muyeso funsani bambo ake a mwana. tilembe limodzi msg, ndi yaifupi

Wezi, 17:02
amama?

Lachinayi, 19 Juni

Wezi, 06:50
mwakwiya nane?

Malita, 08:22
Ayi mwana wanga. Kungoti zimenezo sizitheka. Amenewo ndi akamwini anga. Kwathu ku Chiradzulu mpongozi sayankhulana ndi mkamwini maso ndi maso. Tikakumana panjira wina amapatuka. Atabwera kuno ku Masasa pa ukwati ndinawaphikira masiku khumi, koma sindinakhale nawo pamodzi, dzina lawo sindinalitchulepo mpaka lero

Malita, 08:27
Akaonekera pa vidiyo kumbuyo kwa Mwai ndinkatembenuza foni kuiyang'anitsa kukhoma. Mwai ankaseka mpaka misozi, amati amayi khomalo lawadziwa bwino amuna anga kuposa inu. Ndi ulemu umenewo

Wezi, 08:31
kwathu ku Rumphi ndi mkamwana, mkazi wokwatiwayo, amene amathawa apongozi aamuna, so ndikumva. nanga nkhani zimayenda bwnj tsopano?

Malita, 08:45
Zimadzera kwa ankhoswe, achimwene anga a Shadrick kumudzi. Akamwini akalemba ine ndimaimbira achimwene kuti kwabwera uthenga, muyankhe

Wezi, 08:45
ndiye amalemba??

Malita, 09:03
Ankalemba. Amalembera pa foni ya Mwai poti nambala yanga ili mmenemo. Yawo ndilibe, mpongozi angasunge bwanji nambala ya mkamwini. Uthenga umabwera ndi nkhope ya mwana wanga, ndi dzina limene ndinamusungira, Mwai wanga. Woyamba ndinautsegula ndili chiimire. Ndinaona Chingerezi, ndinaona dzina lawo kumunsi, ndinatseka. Enawo sindinatsegule

Wezi, 09:04
angati

Malita, 09:06
Pambali pake pali 13. Dreizehn

Wezi, 09:09
loweruka mubwere nayo foni ndikuwerengereni. kapena nditumizireni forward. owerenga ndikhala ine, si inu, mwambo sunaphwanyike

Loweruka, 21 Juni

Wezi, 11:20
simunabwere ku class. mpando wanu ana ausiya, akuti ndi wa Oma

Malita, 14:03
Ndinavala, ndinafika mpaka pokwerera, ndinabwerera. Ndatsegula. Ambiri ndi zithunzi za mwana, wakula. Ndikutumiza awiri aatali ndi womaliza

Malita, 14:05
[wochokera pa foni ya Mwai, 9 Disembala]
Dear Mama, Mwai asked to be buried here so that Lusungu can visit her. It was her own wish. She asked me to tell you myself and not through anybody. I am sorry I could not bring her home. Joel

Malita, 14:05
[wochokera pa foni ya Mwai, 2 Febuluwale]
Dear Mama, every Sunday at 2 Lusungu combs her hair and sits by the phone. May we call you? She only wants to show you her tooth. Joel

Malita, 14:06
[wochokera pa foni ya Mwai, 1 Juni]
Dear Mama, I understand now that you cannot forgive me. I will not trouble you again. This phone is too hard for Lusungu. I am switching it off today. God keep you. Joel

Wezi, 14:11
[foni sinayankhidwe]

Malita, 14:12
Musaimbe, ndili ndi kasitomala. Lembani. Musandibisire kanthu

Wezi, 14:25
woyamba akuti Mwai anapempha yekha kuti aikidwe komweko, kuti mwana azitha kupita kumanda. akuti anamuuza kuti akuuzeni yekha osadzera mwa munthu. akupepesa kuti sanathe kumubweretsa kwawo

Wezi, 14:28
wachiwiri akuti sunday iliyonse 2 koloko Lusungu amapesa tsitsi nkukhala pafupi ndi foni. akupempha kuti akuimbireni, mwana amangofuna akuonetseni dzino lake

Wezi, 14:36
womaliza akuti wazindikira kuti simungamukhululukire. sadzakuvutitsaninso. foniyo ikumupweteka mwana, ndiye akuizimitsa. akuti Mulungu akusungeni

Wezi, 14:37
ndayesa kuimba nambala ya Mwai. yozima

Wezi, 16:50
amama muli ndi munthu pakhomopo?

Wezi, 18:15
mawa ndikaweruka ku church ndibwera ku Masasa. simukuyenera kuyankha

Lolemba, 23 Juni

Malita, 06:20
Zikomo pobwera dzulo. Pepani sindinakuphikireni, sindinali munthu

Malita, 06:34
Ndawaimbira achimwene. Ndawafunsa kuti miyezi yonseyi mumawayankha chiyani akamwini. Akuti ine kafoni kanga ndi ka mabatani, Chingerezi sindichidziwa, ndiponso mwambo wake ndi woti mwamuna abwere yekha kumudzi tidzamusudzule, timumasule pa maliro a mkazi wake. Akuti akumudikira. Ndi nkhuku yomwe anasunga. Nthawi zonse akati ndamva mlongo, ine ndinkayesa ayankha

Wezi, 06:40
iwo akudikira Joel, Joel akudikira inu, inu mukudikira iwo

Malita, 07:02
Ndi mwana akudikira tonse, atapesa tsitsi

Malita, 07:18
Koma ndisawasenzetse achimwene okha. Mwambo ulipo, inde. Koma ine ndinabisalamonso. Mumtima ndinkati munthu amene wandikwirira mwana kutali chonchi adikire kaye. Sindinadziwe kuti anapempha yekha. Miyezi isanu ndi umodzi yankho lili m'chikwama mwanga, ndikuyenda nalo kumsika, kutchalitchi, ku kalasi kwanu komwe

Wezi, 07:25
simumadziwa amama

Malita, 07:31
Sindinafune kudziwa. Tsiku limene ankazimitsa foni ine ndinali pano ndikuloweza guten tag

Wezi, 10:12
ndasaka Joel pa fb. a dzina limenelo alipo oposa 40. ndalembera atatu, mmodzi wayankha ndi wa ku Austria amagulitsa matayala. koma foni ikhoza kuyatsidwa tsiku lina. ndikulembereni msg ya english yabwino, ikamudikire mmenemo

Malita, 11:47
Ayi. Mwai anati andiuze okha osadzera mwa munthu, ndipo anachita. Nanenso ndiwauze ndekha, ndi pakamwa panga, m'chinenero chawo. Ndiphunzitseni kupepesa

Lachiwiri, 24 Juni

Wezi, 07:05
nayi, ndafupikitsa
Lieber Joel – wokondedwa Joel
hier ist Mama Malita – ndine amayi Malita
es tut mir leid – pepani
ich bin nicht böse – sindinakwiye
bei uns ist Schweigen Respekt – kwathu kukhala chete ndi ulemu
du bist mein Sohn – ndinu mwana wanga
bitte, ich möchte Lusungu sehen – chonde ndikufuna kumuona Lusungu

Wezi, 07:07
[uthenga wa mawu 0:34]

Malita, 08:40
Pa sindinakwiye mukonze. Ndinakwiya. Ikani kuti sindikukwiyanso

Wezi, 08:43
ich bin nicht mehr böse

Malita, 08:51
Poyambapo pali dzina lawo

Wezi, 08:52
enya. kumeneko kusamutchula munthu dzina ndiye mwano

Malita, 08:58
Dziko ndi lalikulu

Lachisanu, 27 Juni

Malita, 05:55
[uthenga wa mawu 0:52]

Wezi, 06:48
bwino chomene. pa möchte ndi böse milomo muisongole ngati mukuuzira tiyi wotentha. komanso mwadumpha dzina amama, mwangoti lieber kenako zii

Malita, 07:10
Ndinaliona. Lilime linangokhala pansi lokha

Malita, 13:22
[uthenga wa mawu 0:47]

Wezi, 13:30
mwadumphanso

Malita, 13:41
Zaka zisanu ndi zitatu sindinalitchule. Mundipatse masiku

Lachinayi, 3 Julayi

Malita, 06:02
[uthenga wa mawu 0:03]

Wezi, 06:30
ndi limenelo 😭 mwalitchula bwino kuposa guten morgen

Malita, 06:44
Ndinatseka chitseko kaye, ngati pali wondimva. Ndaona kuti denga silinagwe

Lamulungu, 6 Julayi

Malita, 14:00
Ndatumiza. Ndinajambula kasanu ndi kawiri, ndasankha wachinayi

Malita, 14:04
Pali ka tick kamodzi

Wezi, 14:06
ndiye kuti wachoka kwa inu koma sunafike. foni ikayaka tikhala tiwiri, akamvera tisanduka ta blue

Malita, 17:30
Kamodzibe

Lamulungu, 13 Julayi

Malita, 14:02
Ndajambula wina ndatumiza. Ndizitero Lamulungu lililonse nthawi yathu ija. Lero ndawonjezera kuti kuno kukuzizira, es ist kalt. Nkhungu sinachoke ku Kaning'ina chiyambire m'mawa

Wezi, 14:20
mwapanga sentence nokha amama

Malita, 14:26
Ndayamba kucheza ndi foni yozima. Musauze ana a m'kalasi

Loweruka, 26 Julayi

Malita, 13:15
Aphunzitsi, potuluka m'kalasi Foster, mphunzitsi mnzanu uja, wandiuza kuti viza yanu inatuluka sabata yatha, ndipo kalasi atenga ndi iyeyo. Aliyense amadziwa kupatula ine

Wezi, 13:40
phepani amama. ndimasowa poyambira

Wezi, 13:42
ndinyamuka pa 30 aug. ndikagwira ntchito ku nyumba yosamalira okalamba, ndikuphunzira unesi. zaka zitatu

Malita, 14:30
Mwai nayenso za ulendo wake anandiuza kutatsala masabata awiri. Ana inu mumaganiza kuti mayi akamva mochedwa zimapweteka pang'ono. Ndakondwera, mwana wanga. Mwakhetsera thukuta. Amayi anu ku Geisha mwawauza?

Wezi, 14:33
akudziwa. sakuyankhula zambiri, akungondiphikira

Malita, 14:41
Muzidya. Ndipo mukadzapeza mwamuna kumeneko, nambala yake muwapatse amayi anu tsiku lomwelo, afune asafune

Wezi, 14:44
kkk ndamva

Wezi, 14:52
amama address ya nyumba yawo muli nayo? dress ija ndikhoza kunyamula

Malita, 15:20
[chithunzi]

Malita, 15:21
Ili pa katoni imene Mwai ananditumiziramo juzi. Ndimasungiramo ulusi. Zolemba zake ndi zimenezo, onani a wake mmene ankamupindira

Wezi, 15:35
ndaona pa map. ndi maola atatu pa sitima kuchokera kumene ndikakhale. ndikapita ndekha, sindikaponya ku post

Lachitatu, 20 Ogasiti

Malita, 16:10
[chithunzi]

Malita, 16:14
Diresi latha. Matumba ndadula pa chitenje cha Mwai chimene anasiya kuno. Muyeso ndayerekeza mayi ake ali ndi zaka 6, ndawonjezera pang'ono poti bambo ake ndi aatali. Kumunsi ndapinda kwambiri. Likachedwa kufika adzangomasula, lidzamukwanabe

Wezi, 16:30
ndi lokongola chomene. kolala ija yakhala bwino. mulembe kalata yaifupi ndi dzanja lanu, muikenso nambala yanu ndi yanga

Malita, 17:45
[chithunzi]

Malita, 17:46
Ndalemba ndekha, ndinafunsa Foster mawu awiri okha. Bitte Telefon von Mwai anmachen. Chonde yatsani foni ya Mwai. Ich bin da. Ndilipo. Onani ngati ndalakwitsa

Wezi, 17:58
pali tolakwika tiwiri koma sindikonza. azione mmene mwalembera

Loweruka, 30 Ogasiti

Wezi, 06:15
ndakwera bus amama. dress ili mu hand luggage, sindikuisiya

Malita, 06:21
Gute Reise. Mulungu atsogole. Amayi anu ndikawaona Lachiwiri, ndawalonjeza kuwachepetsera bulauzi

Lolemba, 8 Seputembala

Malita, 07:30
Guten Morgen aphunzitsi. Mwafika bwanji? Foster amaphunzitsa mothamanga ngati wasiya mphika pamoto

Malita, 18:10
Muli otanganidwa, ndadziwa

Lachitatu, 10 Seputembala

Wezi, 15:42
phepani amama, shift imayamba 6 koloko ndipo foni timasiya mu locker. ndili bwino. german ya agogo a kuno si ya m'buku, ndikungoti ja ja ngati inu sabata yoyamba. loweruka ndili off, ndipita kukasiya dress ija

Loweruka, 13 Seputembala

Wezi, 11:48
ndafika

Wezi, 11:50
[chithunzi]

Wezi, 11:51
ili ndi belu la pakhomo pawo. maina onse awiri akadalipo, la Joel ndi la Mwai. sanachotse

Malita, 11:53
Limbani mtima, gogodani

Wezi, 12:09
palibe woyankha. makatani ndi otseka

Wezi, 12:47
ndayankhula ndi mayi wachikulire wa nyumba yoyandikana. poyamba amandiyang'anira pa mpata wa chitseko, nditatchula Mwai watsegula. akuti Mwai ankamuyeza bp mwaulere, ankamupatsa mandasi. akuti Joel ndi mwana anasamukira kwa amayi ake a Joel mu july, yekha zimamukanika ndi ntchito. nambala yake alibe. koma Joel amabwera loweruka lina kudzatenga makalata ndi kupita kumanda. parcel walandira, akuti ampatsa m'manja

Malita, 13:02
Sukulu anayamba?

Wezi, 13:06
anayamba. akuti anaona chithunzi, ananyamula chi pepala chachikulu chopinda chodzaza maswiti, ndi mwambo wa kuno tsiku loyamba. anamuperekeza bambo ake ndi agogo ake a kuno

Malita, 13:30
Ndi bwino. Mwana asasowe agogo

Wezi, 13:34
manda ali pafupi, wandilozera njira. ndipite?

Malita, 13:52
Pitani

Wezi, 14:31
[chithunzi]

Wezi, 14:45
amama?

Malita, 15:03
Ndaona. Dzina analemba bwino, lonse, sanadule. Pali udzu?

Wezi, 15:05
yayi, ndi posamalika. maluwa ndi a sabata ino. pali timiyala topaka utoto tambiri, ta mwana. ndawerenga 31

Malita, 15:19
Ndiye amapitako. Mwai ankadziwa chimene ankapempha

Malita, 15:24
Mugwire dothilo ndi dzanja lanu m'malo mwanga. Musanene kanthu, mungogwira

Wezi, 15:31
ndagwira amama

Lamulungu, 21 Seputembala

Malita, 14:03
Ndatumiza wa lero. Kamodzibe

Wezi, 19:10
mwina sanabwerebe kudzatenga makalata. tidikire

Malita, 19:22
Iwo anadikira miyezi isanu ndi iwiri. Ine ndilibe podandaulira. Sabata ino tikuphunzira masiku ndi nthawi, ndikhoza kunena Sonntag um zwei Uhr, Lamulungu 2 koloko, osayang'ana m'buku

Lamulungu, 28 Seputembala

Malita, 14:01
Ndatumiza

Malita, 14:06
Wezi

Malita, 14:06
Tili tiwiri

Malita, 14:08
Tasanduka ta buluu. Akumvera

Malita, 14:09
[foni sinayankhidwe]

Malita, 14:13
Pamwamba pa nkhope ya Mwai palembedwa typing

Malita, 14:16
Zasiya

Malita, 14:19
Zayambanso

Malita, 14:25
Zasiya. Palibe chimene chabwera

Malita, 14:31
Muli pa ntchito, foni ili mu loka. Musavutike mwana wanga. Chikabwera ndiyesa ndekha, buku ndatsegula

Malita, 15:37
Ndikadali pano. Ndamanga mpango wa kutchalitchi, ndakhala pa windo pamene pali kuwala. Foni ndaiimika pa mashini, yayang'ana kwa ine. Akaonekera ndi iwo, sinditembenuza